Tsiku Limene Anadula Madigadi a Swaibu

"Ababa, kodi galimoto imamva kuwawa mukamaimenya choncho?"

Fauziya anafunsa funsoli ali ndi zaka zisanu, atawapeza bambo ake, Swaibu, atagwada pambali pa chigoba cha pikapu chimene anachita kukoka ndi thirakitala kuchokera ku Ulongwe, kumene pikapuyo inagubuduka. Swaibu anali munthu wosayankha msanga, ngakhale wofunsayo akhale mwana. Anayamba waika nyundo pansi, n'kuganiza, kenaka n'kunena kuti iyayi, chitsulo sichimva kanthu. Koma amene ankagwira ntchito moyandikana ndi shedi yake, kuseri kwa msika wa Balaka, amanena kuti kuchokera tsiku limenelo kamenyedwe kake kanasintha. Anayamba kumenya pang'onopang'ono, kambirimbiri, ngati munthu wogogoda pa chitseko cha nyumba imene muli wodwala.

Ntchito yake inali yowongola magalimoto opindika pangozi. Pikapu ijayo, imene inali yakeyake, inamutengera zaka zitatu, chifukwa ankaigwira pokhapokha pamene panalibe galimoto ya munthu wina pashedipo. Chimene chinamuvuta kwambiri chinali madigadi akutsogolo, zitsulo zophimba matayala zija, amene anali atakwinyika ngati pepala lokulungira zitumbuwa. Anzake anamuuza kuti angowataya akapeze ena. Iye anawawongola ndi manja, n'kuwotcherera chigamba pamene panang'ambika, n'kupala mpaka chigambacho chinasowa. Atapaka penti yoyera, munthu ankatha kudziona nkhope pamenepo. Shedi yake inalibe chikwangwani. Munthu akabwera n'kumakayika ngati Swaibu angathedi ntchito, iye ankangomutengera pa pikapupo, n'kumuuza kuti asisite madigadiwo ndi chikhatho, aloze pamene panali ngozi. Kwa zaka zisanu panalibe amene analoza.

Chaka chatha anagula matayala anayi akuluakulu, a mano otalika, kwa munthu wina wa ku Liwonde amene ankayendetsa alendo okaona nyama. Cholinga chake chinali choti azitha kulowa m'midzi ngakhale nthawi ya dzinja, popeza pikapuyo inkakoka ndi matayala onse anayi. Wogulitsayo anamuchenjeza kuti matayala otere amafuna malo, ndipo madigadi ayenera kudulidwa m'mphepete. Swaibu anawamanga matayalawo pabwalo la kunyumba kwake, pouma, galimoto ilibe katundu, n'kulowetsa dzanja pakati pa tayala ndi chitsulo. Zala zitatu zinalowa. Anati zakwana. Walter, neba wake wa mpanda umodzi, amene ankagwira ntchito ya ukalaliki kusiteshoni ya sitima, anamuseka chaka chonse, kumanena kuti Swaibu angalole kudulidwa khutu kusiyana ndi kudula madigadi.

Tsiku lina la mwezi wa Januwale, kutangocha, Walter yemweyo anafika pakhomo osaseka. Mchemwali wake, Tikondane, anali atamuimbira foni kuchokera kumudzi, kupitirira Utale. Mayi awo, a Elube, anagwa pakhola potulutsa mbuzi, chingwe chitawakulunga m'miyendo, ndipo fupa la ntchafu linathyoka. Sankatha kukhala tsonga, choncho njinga yamoto inali yosathandiza. Ngolo ya m'mudzimo inali itatitimira kale m'matope dzana lake, ng'ombe n'kuchita kuzimasula.

Swaibu ankaidziwa njirayo. Ukachoka pamsewu wa miyala umayamba wawoloka kamtsinje ka Namiyala, kopanda mlatho, kenaka umalowa m'dambo la makande, dothi lakuda lija, mtunda wa makilomita awiri, ndipo mudzi uli kutsidya kwa dambolo. Kamtsinjeko kali ndi khalidwe lake. Kamadzaza ndi mvula yogwa kumapiri a ku Ntcheu, ngakhale ku Utale dzuwa likuswa mtengo, ndipo kakadzaza munthu amadikira masiku atatu kapena anayi. Walter ananena kuti mayi ake sangadikire masiku anayi ndi mwendo wotero. Swaibu anangotenga makiyi, n'kuuza mkazi wake kuti atulutse matiresi a mlendo.

Kupita anapita bwino. Pa Namiyala madzi ankalekeza m'akakolo. M'dambo muja dzuwa la dzulo lake linali litaumitsa pamwamba, pikapu n'kumadutsa ikuswa nkhanambo ya matope. Anaima kamodzi kokha kuchotsa matope ndi kamtengo. Swaibu, mumtima mukukoma, anamuyang'ana Walter n'kufunsa ngati khutu lija likufunikabe.

A Elube anawapeza atagona pamphasa pakhonde, mwendo atauika pakati pa nsungwi ziwiri n'kuumanga ndi nsanza za chitenje. Nkhope yawo inali itatuwa ngati phulusa, koma anayamba afunsa za mkazi wa Swaibu ndi ana, ndiponso ngati anthuwo anamwa tiyi asananyamuke. Anazula chitseko cha khitchini, n'kuwanyamulirapo, n'kuwagoneka pamatiresi kumbuyo kwa pikapu. Akumangirira zimenezi kunawaza kamvula, mphindi khumi zokha. Aliyense wokulira pa makande amadziwa kuti mvula yaikulu ndi yabwinoko, chifukwa imasungunula dothi n'kukhala phala loti tayala limangolimwaza. Koipa ndi kamvula kakang'ono. Kamangonyowetsa pamwamba, makande n'kusanduka ulimbo. Swaibu, wobadwira ndi kukulira m'tauni ya Balaka, zimenezi sankazidziwa. Iye anangoona kuti kumadzulo, kumapiri kuja, kwada bii, n'kuuza Walter ndi Tikondane kuti akwere kumbuyo awagwirire mayi.

Atalowa m'dambo sanayende patali. Galimoto inayamba kulemera, chiwongolero chinalimba, injini inabuula, kenaka zonse zinaima. Swaibu atatsika anapeza matayala akutsogolo sakuonekanso ngati matayala. Lililonse linali chibuma chachikulu chakuda, ndipo matope osakanikirana ndi udzu anali atadzipanikiza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka kulimba ngati njerwa. Zala zitatu zija kunalibe. Anakolopola ndi mitengo, ndi sipanala, ndi manja. Galimoto inayenda mapazi makumi awiri n'kumangikanso. Anakolopolanso. Kachitatu kunamveka fungo la kilatchi ikupsa, ndipo m'mbali mwa tayala lakumanja munaoneka mzere watsopano, pamene mlomo wa madigadi, utakankhidwa ndi matope, unaluma mphira. Tayala limenelo likanaphulika, lotsala linali la sipeya, laling'ono, lakale, lopanda mano.

Nthawi iliyonse galimoto ikagwedezeka a Elube ankalira mayo. Pamene inaima kachinayi sanalirenso. Anangotseka maso, milomo ikuyenda, korona ali m'manja. Kukhala chete kumeneko kunamuopsa Swaibu kuposa kulira kuja. Anawerengera mumtima: mapazi makumi awiri, kukolopola mphindi khumi, dambo la makilomita awiri. Akanafika pamtsinje mawa lake.

Kumphepete kwa dambolo, pa nyumba zitatu za pamtunda, kunkamveka nyundo ikugunda malata. Tikondane anati akabwereke khasu kumeneko. Anabwerako ndi khasulo, komanso ndi nkhalamba ina yaifupi, ya ndevu zoyera, kofiya kumutu, buluku atalipinda mpaka m'mawondo, pansi opanda nsapato. Kudzanja inanyamula thumba la feteleza lolira zitsulo, paphewa chidutswa cha njanji chotalika ngati mkono. Tikondane anati awa ndi che Haruna, amene amakhoma ndowa, mbaula ndi zothirira mbewu za midzi yonse ya kumeneko, ndipo atamva kuti galimoto yatsamwa matope anakana kupereka khasu lokha.

Che Haruna anayamba apita kumbuyo kukawaona a Elube, amene ankadziwana nawo kuyambira kale. Kenaka anapatsana salamu ndi Swaibu, n'kuizungulira pikapu ija osafulumira, akumagwada pa tayala lililonse. Anayankhula m'Chiyawo, ndipo ataona kuti Walter sakumva bwino anabwereza m'Chichewa. Anati galimotoyo mphamvu ili nazo, matayala ndi abwino, koma matope akusowa potulukira.

"Khasu likuchedwetsani," anatero, chala chili pa penti yoyera ija. "Pofunika kudula ndi apa."

Swaibu anayankha kuti kudula chitsulo cha galimoto kumafuna girayinda, ndipo girayinda imafuna magetsi. Anati chitsulochi si malata a ndowa. Anati ukadula ndi tchizulo pamatsala mano, ndipo mano amenewo ndi amene angang'ambe tayala. Zonsezi zinali zoona, koma iye mwini ankamva kuti akubisala kuseri kwa choonadicho. Che Haruna sanatsutse. Anangoti mano amapindidwa, n'kukhala pa njanji yawo ija kudikira.

Walter, munthu amene anaseka za madigadi amenewa chaka chathunthu, lero sanawayang'ane n'komwe. Anagwada n'kupitiriza kukumba matope ndi zala, chikhadabo chimodzi chikutuluka magazi. Kumapiri kunagunda bingu lalitali, lochokera pansi.

Swaibu anazungulira kumbuyo, ati akaone ngati matayala akumeneko ali bwino. A Elube anatsegula maso.

"Mwanangu," anatero ndi mawu otsika, "musaononge galimoto yanu chifukwa cha ine. Walter amatiuza mmene munaivutikira. Ndibwezeni kunyumba, fupa limalumikizana lokha."

Swaibu anayang'ana mwendo uja. Unali utatupa moti nsanza zija zinali zitalowa m'mnofu. Anabwerera kutsogolo, n'kuima pamaso pa nkhalamba ija.

"Ambuje, dulani."

Zimene zinachitika pambuyo pake Swaibu wakhala akuzifotokoza kwa anthu ambiri, ndipo nthawi zonse amadandaula kuti mawu sakukwana.

Che Haruna sanatulutse tepi yoyezera. Anayamba auza Tikondane kuti atunge madzi pachithaphwi atsuke madigadiwo, chifukwa sadula chinthu chimene sakuchiona. Kenaka anauza Swaibu kuti akhotetse chiwongolero mpaka kumapeto, atsike, akhale pangodya ya boneti pamodzi ndi Walter kuti galimoto itsike ngati mmene imatsikira ikagwera m'dzenje. Apo ndi pamene analowetsa dzanja, osati zala, koma chibakera chathunthu, kufufuza pamene chikukanika kulowa. Anati makande a kuno amalinenepetsa tayala ndi zala zinayi, ndipo pamwamba pa zimenezo payenera kutsala mpata woti chibumacho chidutse.

"Inu munayeza tayala losamba," anatero. "Loyenda kuno ndi lovala."

Matayala atawongoledwa, anatulutsa chingwe ndi msomali. Chingwecho anachikoleka pa chitsulo chapakati pa tayala, chotuluka ngati mchombo chija, kunsonga inayo n'kumangirira msomali. Anakoka chingwe kuti chilimbe, n'kuyendetsa msomali pa penti kuchokera kutsogolo mpaka pafupi ndi chitseko. Kulira kwa msomaliwo kunamulowa Swaibu m'mano. Koma atayang'ana anaona mzere wokhota bwinobwino, wotsatana ndi tayala ngati unabadwa nalo. Che Haruna anafupikitsa chingwe pang'ono, n'kujambula mzere wachiwiri kunsi kwa woyambawo. Anati wakunsi ndi wodula, wapamwamba ndi wopindira, ndipo umu ndi mmene amajambulira matako a ndowa.

"Ndiye kuti galimoto yanu ikhala ndowa yoyamba kuyenda yokha, a Swaibu," anatero Tikondane ali kumbuyo kuja, akuwapukuta mayi ake thukuta.

"Ikamadontha mudzabwere nayo," anayankha che Haruna osatukula mutu.

Walter anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa. Swaibu sanaseke, chifukwa maso ake anali pa zimene nkhalambayo inayamba kuchita. Isanadule inatenga kanyundo kakang'ono, n'kumagogoda motsatira mzere uja, khutu italiyandikiza pachitsulo. Inagogoda, n'kusuntha, n'kugogoda, n'kusuntha. Pamalo ena, chakumtunda pang'ono kwa tayala, inaima n'kugogoda kawiri.

"Apa pali chigamba."

Swaibu anamva ngati wina wamuitana ndi dzina limene ankaitanidwa nalo ali mwana. Panali pomwepo, osaphonya ndi chala chomwe. Amakaniko a ku Balaka, madalaivala a mathiraki, ngakhale munthu wina amene anagwirapo ntchito m'galaja yaikulu ku Joni, onse anasisita pamenepo osapeza kanthu. Mkulu wokhoma ndowayu anapapeza ndi khutu, atagwada m'matope.

Che Haruna analowetsa dzanja kuseri kwa chitsulocho, kumene penti siifika, n'kumapapasa ndi nsonga za zala, maso atatseka. Anati chitsulochi chinapindikapo kawiri, moyang'ana mkati kenaka moyang'ana pansi. Anati amene anachiwongola sanachitenthe kwambiri, ndipo ankamenya timikwingwirima ting'onoting'ono, tambirimbiri, toyandikana ngati mamba a nsomba. Anati munthu ameneyo sanali wokwiya. Anafunsa kuti ndani.

"Ndine," anatero Swaibu.

Nkhalambayo inatola njanji ija n'kumupatsa.

"Ndiye gwirani njanjiyi ndinu. Mukudziwa kumene chitsulochi chimathawira."

Anakhotetsanso tayala kuti papezeke mpata. Swaibu anagwada m'matope, n'kulowetsa njanji ija kuseri kwa madigadi, n'kuitsamiritsa pamzere ndi manja awiri. Che Haruna anaika tchizulo mopendeka, n'kumenya. Chitsulo chinatseguka kabala kotalika ngati njere ya chimanga. Anasuntha, n'kumenyanso. Nkhonya iliyonse ya nyundo inkadutsa m'njanji n'kufika m'mapewa mwa Swaibu. Poyamba nkhalambayo inkamuuza kuti kwezani, tsitsani, koma posakhalitsa inasiya, chifukwa njanji inkafika yokha pamene tchizulo ikupita. Awiriwo ankagwira ngati anthu osinja mtondo umodzi. Atafika pachigamba paja che Haruna anasintha kapendekedwe ka dzanja, n'kumamenya mofewa, kuti powotcherera pasang'ambike kupitirira mzere. Sipanang'ambike. Mzerewo sunapatuke pena paliponse, ndipo penti ya pamwamba pake sinasweke.

Chidutswa chinagwera m'matope, choyera, chopindika ngati mwezi wongooneka kumene. Swaibu ankayembekeza kuti chikagwa mtima umupweteka. Anadabwa kupeza kuti akungofuna kuona chotsatira.

M'mphepete modulidwamo munalidi mano, akuthwa oti angachekere nyama. Che Haruna anatenga sizasi yawo yodulira malata, yakuda ndi ukalamba, n'kumatema m'mphepetemo timipata tating'ono tolekeza pamzere wachiwiri uja, mpaka mphepete yonse inakhala timalilime. Anatulutsa waya wokhuthala, umene amapangira zogwirira ndowa. Anaupinda pabondo, n'kuuyerekeza, n'kuupindanso pang'ono, ndipo unagona kuseri kwa mzerewo ngati anauyeza ndi makina. Kenaka anayamba kupinda timalilime tija, kamodzikamodzi, kukulunga wayayo, poyamba ndi pulayazi, pomaliza ndi nyundo yamtengo, Swaibu akutsamiritsa njanji kunja ataikulunga ndi malaya ake kuti isakande penti. Manja a nkhalambayo anali ouma, a zipsera, chala chimodzi chopindika, koma ankayenda ngati a mayi woluka mkeka amene akucheza ndi anzake. Mano aja ankalowa mkati limodzilimodzi n'kusowa.

Atamaliza anamuuza Swaibu kuti agwire. Swaibu anayendetsa chikhatho kuchokera kutsogolo mpaka kuchitseko. Panali posalala ndi pozungulira ngati mlomo wa kapu. Anagwira n'kukoka ndi mphamvu. Madigadi amene kale ankagwedera ukawakoka, tsopano sanasunthe. Anadzifunsa kuti akanakhala kushedi kwake, ndi girayinda, ndi magetsi, ndi tsiku lathunthu, kodi akanatulutsa chotere? Anadziyankha yekha kuti iyayi. Akanadula mowongoka, n'kupala mano, koma za waya sakanaziganiza.

Mbali yakumanzere inatenga theka la nthawi yoyambayo. Bingu linali likuyandikira, ndipo mphepo yozizira inayamba kugoneka udzu wa m'dambomo. Swaibu anakumbukira kuti nthawi ya swala, pemphero la Asilamu la masana, yakwana. Che Haruna anayang'ana kumwamba n'kunena kuti nthawi ikadalipo, akaswalire kutsidya kwa mtsinje, iwo akaswalira kunyumba. Anatola zidutswa ziwiri zija, n'kuzipukuta matope pa buluku, n'kufunsa ngati angazitenge, chifukwa chitsulo chokhuthala chotere chimakhala bwino pa zitseko za mbaula. Swaibu anavomera ndi mutu. Anafuna kunena zambiri, koma chimene chinatuluka chinali sikomo yekha, zikomo wa m'Chiyawo, kawiri. Nkhalambayo inamuuza kuti aike giya yachiwiri, asaime ngakhale amve chiyani, ndipo atsate pamene udzu uli waufupi chifukwa pamenepo pansi ndi polimbirako. Inawatsanzika a Elube, n'kusenza njanji yake, n'kubwerera kumtunda.

Swaibu analiza injini. Galimoto inanyamuka. Mapazi makumi awiri anakwana, ndipo iye anadikira kuti chiwongolero chilimbe. Sichinalimbe. M'malo mwake kunayamba phokoso limene anali asanalimvepo. Matope ankamatirira tayala monga kale, koma akafika pamwamba ankapeza khomo lotsegula, n'kutumphuka zibumazibuma, zina kugwera pa boneti, zina padenga, zina kuuluka kupitirira galimoto yonse. Tikondane anafunditsa mayi ake pulasitiki, iye ndi Walter n'kuwerama pamwamba pawo, zibuma zikuwagwera pamsana. Swaibu ankaona njira kudzera pa kampata kamene anapukuta ndi dzanja pagalasi. Dambo limene linawasunga maola atatu analidutsa osaimanso.

Pa Namiyala anapeza madzi asintha. Anali ofiira, othamanga, atanyamula mapesi ndi thunthu la nthochi. Walter anatsika, n'kuthyola ndodo, n'kulowa patsogolo kuyesa pansi. M'mphepete madzi ankalekeza m'mawondo, pakati anafika m'ntchafu. Anatembenuka n'kukodola ndi dzanja. Swaibu anatchula dzina la Mulungu, n'kulowa. Madzi anagunda chitseko, galimoto inaterereka pang'ono chakumunsi, matayala aja n'kugwira miyala ya pansi, n'kukwera gombe linalo akuchucha.

Walter asanakwere n'komwe, anamva mkokomo wochokera kumtunda kwa mtsinje, ngati sitima ya katundu ikulowa m'siteshoni. Onse anayang'ana. Madzi anatulukira pokhota paja ataima ngati khoma, atanyamula mtengo wathunthu ndi mizu yake. Mwala umene amayi amachapirapo unamira. Gombe limene anatsikira linagumuka n'kupita. Walter anachita chizindikiro cha mtanda, Swaibu anati alihamudulilahi chamumtima, ndipo a Elube, ali pansi pa pulasitiki, anafunsa ngati awoloka. Tikondane anawauza kuti eya, amayi, tawoloka.

Kuchipatala anawalandira nthawi yomweyo. Dokotala anamasula nsanza zija, n'kuyang'ana kutupako, n'kunena kuti anachita bwino kubwera nawo tsiku lomwelo. Mwendowo anaumangirira chokokera, ndipo anati a Elube agona pamenepo masabata asanu ndi limodzi.

Mawa lake masana Swaibu sanatsegule shedi. Anatsuka pikapu pabwalo la kunyumba, ndowa zisanu ndi zitatu za madzi, mpaka penti yoyera inaonekanso. Kenaka anatenga chitsulo chotsala cha galimoto ina, waya, pulayazi ndi nyundo, n'kukhala pachitini pafupi ndi tayala lakumanja. Anayesa kupinda monga anaonera. Koyamba mphepete inakwinyika. Kachiwiri waya anathawa. Kachitatu zinagwira, koma ataziyandikiza pa ntchito ya che Haruna anangopukusa mutu n'kuziika pansi.

Walter analowera pa mpata wa mpanda, akuchokera kuchipatala, atanyamula kontena ya chakudya yopanda kanthu. Anati mayi adya, ndipo agona tulo koyamba chigwereni. Anaima pafupi ndi galimoto, n'kuyang'ana pamene panadulidwa, n'kukanda kumutu. Anayamba kunena kuti ali ndi msuweni wake ku Ndirande amene amadziwa kumene amaphwasula magalimoto, ndipo mwina madigadi ena a mtundu womwewu angapezeke.

"Iyayi, aneba," anatero Swaibu. "Awa sachoka. Tagwirani apa."

Walter anagwira, n'kuyendetsa chala m'mphepetemo mpaka kumapeto, n'kubwereranso. Anakhala pansi pambali pa mnzakeyo. Anawerenga masabata aja ndi zala, n'kupeza kuti mayi adzatuluka kumayambiriro kwa Malichi, makande asanaume. Anati sakudziwa kuti adzawabweza bwanji, popeza iwo anena kale kuti sadzakhala m'tauni ngakhale tsiku limodzi, mbuzi zawo zili kumudzi.

"Tsiku limene adzawatulutse, wowabweza ndine, pa galimoto yomweyi," anatero Swaibu. "Musadzafunse wina. Koma pobwerera tidzaima kwa che Haruna, ndipo sindidzafulumira. Ndikufuna ndikaone bwinobwino mmene amagonekera waya uja. Mwina dzuwa lidzapendeka tili pomwepo."

Walter anatola chitsulo chokwinyika chija, n'kuchitembenuza, n'kuchibwezera pansi.

"Ndidzadikira, aneba," anatero. "Ndipo njanji ndidzagwira ndine, kuti inu manja adzakhale omasuka."